Funsani Malume: Alendo a masiku anayi ndiwatengere kuti?

Makalata ambiri a mwezi uno akunena za alendo, kaya n'chifukwa choti nyengo ya zinkhoswe yafika. Ndasankhapo atatu.

Malume, mwana wanga wamkazi ndi namwino ku Leeds, ndipo wapeza mwamuna wa komweko. Chinkhoswe chili mu Ogasiti kuno ku Chilomoni, Loweruka. Makolo a mnyamatayo akubwera, ndipo aka n'koyamba kuponda mu Africa. Onse awiri anapitirira zaka 60. Adzakwera ndege pa Chileka Lachinayi, ndiye tili ndi Lamulungu mpaka Lachitatu. Abambo akunyumba kuno alemba kale papepala: Mulanje, Majete, Zomba, Cape Maclear ndi Nyika. Ine ndikuona kuti zachuluka koma sakundimvera. Tithandizeni. (Mayi wa ku Chilomoni)

Mayi, pepala la abambolo musang'ambe. Lisungeni m'Baibulo, lidzagwira ntchito adzukulu akadzabwera kudzakhala mwezi wathunthu. Pa masiku anayi silingatheke. Kuchoka ku Blantyre kukafika ku Chelinda pa Nyika ndi makilomita opitirira 800, ndipo chigawo chomaliza kuchokera ku Rumphi n'chotyola msana ngakhale kwa anyamata. Nyika yokhayo ingakudyereni masiku onse anayi, atatu mwa iwo muli m'galimoto.

Ine ndinagwira chiwongolero zaka 26, ndikunyamula alendo a bungwe lina. Chaka china bwana anandipatsa azungu atatu ndi pepala lofanana ndi la abambowo. M'masiku awiri tinaponda Mulanje, Zomba ndi Mangochi. Ndikuwatsitsa pa Chileka ndinafunsa mayi mmodzi chimene chamusangalatsa kwambiri m'dziko lathu lino. Anakhala duu kanthawi, kenaka akuti mbuzi. Mbuzi za m'mbali mwa msewu, poti ndi zokhazo zomwe anaziona bwinobwino pawindo. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Kuyambira tsiku limenelo ndinaphunzira kuloza mbali imodzi, kupita, n'kubwerera msewu womwewo. Kwa inu mbali yake ndi Zomba, Liwonde ndi kunyanja.

Lamulungu musapite kutali. Anthu avina dzulo lake, aponya ndalama pa perekaniperekani mpaka mikono kuwawa, aona tambala ndi thadzi zikusinthana manja osamvetsa kuti zikutanthauzanji. Atopa. Atengereni ku mapemphero pa St Michael and All Angels ku Mishoni, ngakhale inuyo mutakhala a mpingo wina. Tchalitchi chimenechi chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Mbusa David Clement Scott amene ankatsogolera ntchitoyo sanaphunzirepo zomangamanga, ndipo panalibe pulani yojambulidwa papepala. Njerwa zake anaumba ndi kuwotcha ndi anthu akuno, omanganso anali anthu akuno. Mfundo yomalizayi muinene mokweza, chifukwa alendo a ku Britain akamva dzina la Scott amayamba kuyang'ana nsanjazo ngati anazinyamula pa sitima kuchokera kwawo. Muwauzenso kuti dzina loti Blantyre linachokera ku katauni ka ku Scotland komwe anabadwira David Livingstone, ndipo mishoniyo inayamba mu 1876. Amakondwa nazo zimenezo.

Mukatuluka, kunyumba. Apa ndi pomwe azimayi ambiri mumalakwitsa: mumathamangira sipageti ndi soseji poganiza kuti mzungu sangadye zathu. Sipageti anaisiya ku Leeds. Phikani nsima yofewerako, chambo chowotcha, nkhwani wotendera, nyemba, pambali thobwa lozizira. Bweretsani beseni ndi jagi muwasambitse m'manja monga timachitira. Foloko ikhale pafupi koma musayambe ndinu kuipereka. Pa alendo onse omwe ndinanyamula, amene ankandilembera makalata atabwerera kwawo sankatchula hotela ayi. Ankatchula tsiku lomwe anapsa zala ndi nsima kunyumba kwa munthu.

Lolemba nyamukani 7 koloko m'mawa, thanki ili yodzaza kuyambira dzulo lake. Za mafuta m'dziko muno mukuzidziwa, musadalire kuti mukathira kutsogolo. Ku Zomba ndi makilomita pafupifupi 65. Mukamalowa m'tauni imani pang'ono pa chipilala cha asilikali a King's African Rifles. Ambiri a ku Britain sadziwa kuti anyamata a ku Nyasaland anakamenya nkhondo yawo mpaka ku Burma, ndipo ndaonapo madoda akuvula chipewa pamenepo popanda wowauza. Zomba linali likulu la dziko mpaka 1975, nyumba zakale za boma zilipobe m'munsi mwa phiri, koma musatayepo nthawi yambiri. Kwerani phiri.

M'njira yokwerayo mudzapeza anyamata atanyamula timabasiketi ta sitiroberi ndi mabulosi. Mtengo woyamba ndi wa khungu la asewere anuwo, choncho tsikani inuyo mukanenerere, iwo akhale m'galimoto. Pamwamba pali damu la Mulunguzi lomwe limamwetsa tauni yonse, mathithi a Williams, ndi malo awiri oonera pansi: Queen's View ndi Emperor's View, komwe anaimapo mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia. Msewu wa kumeneko umafuna galimoto yokwera, ka saluni mukasiya ekizozi pamwala. Ndipo mu Ogasiti anthu amakhala ayamba kutentha tchire, ndiye dzuwa likakwera utsi umaphimba chigwa chonse. Mukafika m'mawa mudzaona nyanja ya Chilwa, mwamwayi ndi Mulanje yemwe. Mukafika masana mudzaona chifunga chotuwa basi. Majuzi musaiwale, kumtunda kuja kumazizira ngati kwawo komwe. Ku Chingwe's Hole, dzenje lija amati kale ankaponyamo anthu, ine ndimati kusiyeni. Ndi kutali, msewu ndi woipa, ndipo mukafika n'kusuzumira mumaona mdima ndi mitengo.

Mukadya nkhomaliro tsikani, 3 koloko isanakwane mukhale mukuloza ku Liwonde. Usiku musayende nawo alendo pamsewu umenewu. Njinga za kabaza zopanda nyali, ngolo, anthu ochokera kumsika, zonse zimakhala pa tala yomweyo.

Liwonde ndiye mtima wa ulendowu, ndipo ngati ndalama zili zochepa, pano ndi pomwe muziwonongere. Abambo analemba Majete, ndipo sindikuwatsutsa kuti ndi malo abwino. Kuli mikango, njovu, njati, zipembere ndi anyalugwe, komanso mathithi a Kapichira omwe anatsekereza sitima ya Livingstone mu 1859. Koma ku Majete nyama mumazisaka pa galimoto, mukugwedezeka m'mabampu, ndipo kutsika ndi kukwera chitunda cha ku Chikwawa ndi ulendo wa mbali ina. Ku Liwonde mumakhala phee m'boti pa Shire, nyama n'kumabwera zokha kudzamwa. Kwa anthu a zaka 60, ameneyo ndiye mankhwala. M'chilimwe madambo akauma zonse zimasonkhana kumtsinje: mvuu zili mbuu m'madzi ngati miyala, ng'ona zitayasamula pamchenga, njiri zikudya chogwada, anakodzwe, nswala, nkhwazi ikulira pamwamba pa mgwalangwa. Njovu zimatsika ndi ana kudzasamba, nthawi zina n'kuwoloka mtsinje chitamba chokha chili pamtunda.

Ndinayamba kupita ku Liwonde kale, nthawi yomwe misampha ya mawaya inali paliponse ndipo njovu zinkatuluka kukadya chimanga cha anthu usiku uliwonse. Kuchokera mu 2015 pakiyi ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma. Anamanga mpanda, anabweretsanso mikango mu 2018, ndipo njovu zinachuluka mpaka zina anazisamutsira ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, zina ku Kasungu mu 2022. Mukawafotokozera alendo kuti njovu inagonetsedwa ndi jekeseni, n'kukwezedwa pa lole miyendo ili m'mwamba, amayesa mukuwanamiza.

Malo ogona ndi boti mulipiriretu kudakali milungu ingapo, Ogasiti alendo amachuluka. Pa geti mtengo wa Mmalawi ndi wa mlendo wakunja ndi wosiyana, choncho tengani chiphaso chanu cha unzika. Funsani boti la madzulo tsiku lofikalo kapena la m'mamawa Lachiwiri, osati la masana dzuwa lili paliwombo. Ndipo muwauze asewerewo mosaseka kuti dzanja silitsika m'madzi. Mankhwala oteteza malungo akhale atayamba kumwa asananyamuke kwawo, mwana wanu namwinoyo akudziwa, ndipo agone m'masikito.

Lachiwiri boti likatha, ulendo wa ku Mangochi, makilomita pafupifupi 75. Pa boma, pafupi ndi mlatho, pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, ndipo pambali pake pali mfuti yaikulu ya sitima yotchedwa Guendolen. Nkhani yake imaseketsa a ku Britain. Mu Ogasiti 1914 nkhondo itayamba ku Ulaya, sitimayi inawoloka nyanja n'kukaombera sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann, yomwe inali pamtunda ikukonzedwa. Kaputeni wa Chijeremaniyo anali asanamve n'komwe kuti kuli nkhondo. Pomwepo palinso chikumbutso cha anthu 145 omwe anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946, ndipo apo kuseka kumatha.

Mukadutsa tauni kulowera ku Monkey Bay, malo ogona a m'mbali mwa nyanja ndi ambiri, a matumba onse. Kodi mufike ku Cape Maclear? Ndikanakhala ndi achinyamata ndikanati inde, chifukwa kumeneko ndi komwe kuli mbuna, tinsomba tamawangamawanga tija timasonkhana pamiyala ya chilumba cha Thumbi, ndipo ndi paki yomwe bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Manda a amishoni oyamba a Livingstonia, omwe anafika mu 1875 malungo n'kuwathamangitsa, alinso komweko. Koma kwa achikulirewa mukhala mwawonjezera maola atatu a msewu, kupita ndi kubwera. Nyanja ndi yomweyo. Akhale pamchenga, aone asodzi akukankha mabwato madzulo, nyali za usipa zikuyaka pamadzi usiku ngati tauni ina, adye kampango. Mwera ukamawomba, monga umachitira miyezi imeneyi, musawakweze kaboti kalikonse ngakhale mwini wake alumbire bwanji. Posamba apewe malo a bango ndi a madzi odikha pafupi ndi midzi chifukwa cha likodzo, ndipo akakafika kwawo akamuuze dokotala kuti anasamba m'nyanja. Asewere aakaziwo muwagulire chitenje. Ku Mangochi Asilamu ndi ambiri, ndipo kabudula wa kugombe sayenda naye pamsika.

Lachitatu kubwerera, mosathamanga. Cha ku Liwonde m'mbali mwa msewu amasema mipando ija ya matabwa awiri olowetsana, imapindika bwino ndipo imakwera ndege. Mukafika msanga ku Blantyre, kapena Lachinayi m'mawa ngati ndege ndi yamasana, adutseni pa Mandala House, nyumba ya 1882. Dzinalo linachokera pa magalasi a m'maso a John Moir wa kampani ya African Lakes, omwe ankanyezimira anthu n'kumati mandala.

Mulanje ndiye ndikumva nayo chisoni kuisiya, koma phiri lija silifuna munthu wothamanga. Nsonga ya Sapitwa ndi mamita 3,002, ndipo ngakhale pa Dziwe la Nkhalamba, lomwe lili m'munsi, pamafunika kuyenda chokwera ola lathunthu kuchokera pa Likhubula. Ngati asewere anena okha kuti madzi sawakonda, sinthanitsani: chotsani Mangochi, mubwerere kuchokera ku Liwonde, Lachitatu mukazungulire minda ya tiyi ku Thyolo n'kukaliona phirilo chapansi.

Za ndalama musachite nazo manyazi, komanso musakambe nokha. Mwana wanu ndi mkamwini akambirane ndi makolowo asanakwere ndege kuti mafuta alipira ndani, malo ogona alipira ndani. Azungu ambiri amayembekezera kudzilipirira ndipo amadabwa mukamakana. Ndaonapo banja likugulitsa ng'ombe kuti lisangalatse alendo omwe ndalama ya ulendo wonsewo anali nayo m'kachikwama ka m'chiuno.

Malume, kuntchito kwathu kwabwera mnzathu wa ku Nairobi kudzatiphunzitsa za makompyuta. Ali ndi Loweruka lonse ndi Lamulungu m'mawa. Anzanga akuti timutengere kukaona nyama, iye akuti akufuna kuona gule wamkulu. Ndichite bwanji? (Mnyamata wa ku Area 25, Lilongwe)

Mphwanga, munthu wa ku Nairobi ali ndi mikango kuseri kwa bwalo la ndege kwawo. Ukamutengera kukaona nswala adzakuyamika ndi pakamwa pokha. Mvere iyeyo, wapempha chinthu chomwe kwawo kulibe.

Koma gule si kanema woti ungatsegule nthawi yomwe wafuna. Amatuluka pa maliro, pa chiliza, pa chinamwali, polonga ufumu. Usayende naye m'midzi ya ku Mitundu kapena ku Nathenje kusakasaka zilombo ndi foni m'manja, mudzabwerako ndi mlandu wa mbuzi. Mukakumana nazo pamsewu, imitsa galimoto kapena patuka, ponya kandalama pansi, foni ikhale m'thumba pokhapokha eni ake atavomera. Kudambwe ndi kumanda sikofika munthu wosameta, ndipo iwe ngati unakulira m'tauni lamuloli likukukhudzanso.

Njira yabwino ndi ya ku Mua. Nyamukani m'mamawa pa M1 kulowera ku Dedza, makilomita pafupifupi 85. Mumwe tiyi pa Dedza Pottery, aone makapu ndi mbale zikuumbidwa. Mukadutsa boma khoterani kumanzere kutsika msewu wa Golomoti. Msewu umenewo pawokha ndi malo oona: umakhotakhota m'mapiri, ndipo kukakhala kowala nyanja imaoneka patali ngati lata. Mabuleki akhale abwino, utsike ndi giya yaing'ono.

Mishoni ya Mua inayamba mu 1902 ndi ansembe a White Fathers. Mu 1976 Bambo Claude Boucher a ku Canada, omwe anthu anawapatsa mfunda woti Achisale, anayambitsa malo a zachikhalidwe ndi zaluso a Kungoni, ndipo mu nyumba yosungira zakale ya Chamare muli zipinda zofotokoza za Achewa, Angoni ndi Ayao. Zilombo za gule zilimo mazanamazana, chilichonse ndi tanthauzo lake: Chadzunda, Maliya, Kasiyamaliro ndi zina zomwe ngakhale iwe sunazionepo. Wofotokoza amakhalapo. Funsa kaye usanajambule, ndipo uimbiretu foni masiku angapo usanapite kuti udziwe ngati atsegula komanso ngati kuli magule tsikulo. Umuuze mnzakoyo kuti UNESCO inazindikira gule wamkulu mu 2005, ndipo ndi wa mayiko atatu, ife, Zambia ndi Mozambique.

Wina akuuza kuti muwonjezere zojambula za pamiyala za ku Chongoni. Malo ake alipo 127, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, ndipo ndi zofunika kuona. Koma zimafuna wokulondolerani ndi theka la tsiku, ndiye sankhani chimodzi. Kuchoka ku Mua pitirirani ku Salima, mukagone ku Senga Bay, asambe m'nyanja, Lamulungu m'mawa mubwerere. Kuchokera ku Salima kukafika pa bwalo la ndege la Kamuzu siyani maola atatu, ngakhale msewu umatha awiri.

Malume, agogo athu aamuna anachoka ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1950 kupita ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, ndipo sanabwererenso. Mdzukulu wawo, wobadwira ku Mufakose ku Harare, wandipeza pa Facebook ndipo akubwera masiku atatu. Ndimuonetse chiyani? (Mdzukulu mnzake, Kasungu)

Uyu pa pasipoti ndi mlendo, koma sakubwera kudzaona malo. Akubwera kudzaona komwe kunachokera dzina lomwe wakhala akunyozedwa nalo kusukulu. Ana a matchona ku Zimbabwe akula akuitanidwa maina ambiri, ena osalembeka m'magazini muno. Tsiku loyamba ndi lachiwiri ndi la kumudzi, ndipo usamulowetse chozemba. Tumiza uthenga kwa eni mbumba, iwo akadziwitse amfumu. Tengani shuga, mchere, sopo, ndi zitenje za agogo aakazi omwe atsala. Adzamufunsa mfunda wake, umukonzekeretse. Akafuna kuona manda a makolo, apemphe kudzera kwa amfumu, asangolowa. Ndipo ngati ali ndi chithunzi cha malemuwo, kapena cha manda awo ku Harare, abwere nacho chosindikiza papepala kuti chitsale m'mudzimo. Pali nkhalamba ina yomwe yakhala zaka 70 osadziwa kuti mlongo wake anagona kuti.

Tsiku lachitatu ndiye muyendeko. Pa boma la Nkhotakota pali mkuyu womwe amati Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe, mfumu ya Chiswahili yogulitsa akapolo, mu 1863 kukamba za malonda a akapolo, omwe ankawolotsedwa nyanja pa zombo kulowera ku Kilwa. Mupite naye pa Chia akagule nsomba yongovuulidwa kumene, adye ndi mpunga wa konko. Ku Zimbabwe ali ndi Kariba, koma Kariba ndi damu, mafunde a mchenga woyera sanawaonepo.

Chichewa chake chidzakhala cha agogo, chosakanikirana ndi Chishona, mwina ndi mawu omwe kuno tinasiya kalekale. Ana adzaseka, uwaletse. Ndipo akamapereka moni kwa akuluakulu usamuyankhulire, ngakhale achite chibwibwi. Ungomunong'oneza kuti agwade, dzanja lamanzere ligwire mkono wamanja.